Komboni, mayadi ndi breakfast: mbiri ya Lusaka m'mawu amene tinabwereka

Kwerani minibasi pa Kulima Tower madzulo, mukhale chete, mungomvetsera. Mayi wina akudandaula pa foni kuti breakfast yakweranso mtengo. Mnyamata wa pampando wakumbuyo akuuza mnzake kuti wapeza servants' quarter ku Woodlands ya 2 pin pamwezi, ndipo akumaliza ndi kuti: "Manje nachokamo mu komboni, boi." Dalaivala naye akukalipira wa takisi amene waima molakwika pa maroboti. Mawu ambiri amene mwamvawo ndi a Chingerezi, koma mlendo wochokera ku London atakhala m'basi momwemo angatolepo zochepa. Kwa iye breakfast ndi chakudya cha m'mawa, pin ndi kachitsulo kobayira nsalu, ndipo robot ndi makina a m'mafilimu oyenda ngati munthu.

Kusukulu ankatiuza kuti chimenechi ndi Chingerezi cha pamsewu, chosayenera kulowa m'kalasi. Pa mayeso mwina ankanena zoona. Koma mawu awa sanakhote okha. Lililonse lili ndi nthawi imene linalowera mu Lusaka, anthu amene analibweretsa, ndi chifukwa chimene linasinthira tanthauzo. Mukawalondola bwino mupeza momwe mzinda uno unagawidwira, amene ankaloledwa kugona kuti, ndi chimene chinagwetsa boma la zaka 27.

Tiyambe ndi komboni, chifukwa ndi limene layenda ulendo wautali kuposa onse. Akatswiri ambiri a zinenero amati liwu lakuti compound, likamatanthauza malo okhala, silinabadwire ku England. Linachokera ku liwu la anthu a ku Malaysia ndi Indonesia lakuti kampung, kutanthauza mudzi. Amalonda a ku Ulaya amene ankachita malonda ku Asia analitola n'kuyamba kutchulira mpanda wozungulira nyumba ndi mosungira katundu wawo. Choncho pachiyambi wokhala mu compound anali mzungu, ndipo mpandawo unali womuteteza iyeyo. Compound amene munaloweza m'kalasi ya chemistry, kapena compound interest imene imaliza anthu pa ngongole, ndi liwu lina lochokera ku Chilatini. Anangofanana kalembedwe.

Mpandawo unatembenuka utafika ku South Africa. Ku Kimberley, kumigodi ya dayamondi, kuyambira cha mu 1885 makampani anayamba kutsekera antchito akuda m'mipanda kwa nthawi yonse ya kontirakiti yawo. Ankati akuteteza miyala kuti isabedwe, koma mpanda womwewo unkaletsanso munthu kuthawa ntchito kapena kukafuna malipiro abwino kwina. Mchitidwe wosunga antchito m'makomboni unafalikira kumigodi ya golide ya ku Johannesburg, ku Southern Rhodesia, ku Broken Hill komwe lero ndi Kabwe, kenako ku Copperbelt chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ngakhale kuti si konse kumene ankatseka zipata ngati ku Kimberley. Azigogo athu a ku Fort Jameson, ku Petauke ndi ku Nyasaland amene anapita ku Joni ndi ku Wankie anabwera nalo liwuli litafewa kale pakamwa: komponi, komboni.

Pamene izi zinkachitika, Lusaka anali kamalo kakang'ono. Mu 1905 njanji yochokera ku Livingstone kupita ku Broken Hill inadutsa pano, ndipo anaikapo kasiteshoni n'kukatcha dzina la mfumu ya mudzi wapafupi, a Lusaaka. Dera lino ndi la Asoli ndi Alenje. Chinyanja chimene tikulemba pano chinabwera ndi apolisi, asilikali ndi antchito ochokera kum'mawa. Mu 1931 boma la atsamunda linasankha Lusaka kuti alowe m'malo mwa Livingstone ngati likulu, ndipo Professor Stanley Adshead wa ku London anajambula mapulani a mzinda wa mitengo, maluwa ndi misewu yotakata. Likulu linasamukira kuno mu 1935. M'mapulani amenewo munthu wakuda sanali mwini mzinda. Ankamuona ngati wantchito wobwera kwa kanthawi, amene kwawo ndi kumudzi. Ankayenda ndi chitupa, ndipo nyumba yake inali yomangirira ku ntchito: ntchito ikatha, pogona pathanso.

Amene akufuna kuona ndi maso apite ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road. Tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, pomwe alendo amagula ziboliboli ndi madengu, sitinamangidwe kuti tizikopa alendo. Ndi totsalira pa mazana a tinyumba timene boma linamangira amuna antchito m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, kachipinda kamodzi kopanda malo a mkazi ndi ana. Tambiri tinagwetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti pamangidwe mafulati, ndipo 43 tinasungidwa. Ine ndinakula ndikudutsa pamenepo popita kusukulu, ndikuganiza kuti ndi mudzi wa makolo umene mzinda unaupeza. Ndinadziwa ndili wamkulu kuti ndi boma la atsamunda limene linaumanga.

Nyumba za boma sizinakwanire anthu. Azungu a mafamu ozungulira mzinda anaona mpata wa ndalama, n'kuyamba kulola anthu kumanga tinyumba ta dothi pamalo awo pomalipira lendi mwezi ndi mwezi. Makampani omanga nawo ankaika antchito awo m'misasa, ndipo ntchito ikatha kampani inkachoka, anthu n'kutsala. N'chifukwa chake makomboni ambiri ali ndi maina a eni malo ndi a makampani: George, John Laing, John Howard, Marrapodi. Marrapodi anali Mtaliyana wowotcha laimu ndi njerwa. Za Misisi, akuluakulu amati dzinali linachokera ku Mrs, mkazi wachizungu amene anali mwini malowo. Tsiku lililonse kondakita amafuula maina a anthu amenewa pa siteshoni, ndipo tonse timakwera osafunsa kuti anali ndani.

Tsopano mayadi. M'Chingerezi yard ndi liwu laling'ono: bwalo lozungulira nyumba, poyanika zovala, posewera galu. Palibe Mngerezi amene angatchule dera la anthu olemera kuti the yards. Ife tinatero. Ganizo langa ndi lakuti tinatchula derali ndi mbali imene tinkaidziwa. Nyumba za ku Ridgeway, Rhodes Park, Woodlands ndi Kabulonga zinamangidwa pamapuloti aakulu, ndipo munthu wakuda wolowa pageti ankakhala tsiku lonse pabwalo: kusesa, kuthirira maluwa, kutchetcha kapinga. Pabalaza ankalowa atanyamula tiyi kapena tsache. Amene ankachokera ku kachipinda kamodzi ka ku Kabwata akaona nyumba imodzi itakhala pamalo okwana mabanja makumi awiri, chimene ankakasimba madzulo chinali yadi.

M'yadi momwemo, kumbuyo pafupi ndi mpanda, munali kanyumba ka wantchito, servants' quarter. Ndipo wantchitoyo dzina lake linali boy. Ntchito za m'nyumba za azungu ku Northern Rhodesia zinkagwiridwa kwambiri ndi amuna: house boy, garden boy, kitchen boy. Liwuli silinkayang'ana zaka. Agogo anga aamuna anaphika kwa banja lina lachizungu ku Woodlands mpaka imvi zitamera, ali ndi ana asanu ndi mmodzi kumudzi ku Katete, koma mwana wa bwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ankawaitana kuti boy ndipo iwo ankayankha. Ankatisimbira nkhaniyi akuseka, koma sankalola mdzukulu aliyense kuwaitana popanda "a" patsogolo. M'mabutchala munalinso nyama yotchedwa boy's meat, zotsalira zimene madamu ankagulira wantchito, ndipo munthu wakuda ankagula kudzera pa kawindo ka pambali osalowa pakhomo. M'zaka za m'ma 1950 chipani cha African National Congress cha a Harry Nkumbula chinalimbikitsa anthu kunyanyala mabutchala ndi masitolo otere, mu Lusaka ndi m'matauni ena. Pa nthawi yomweyo ku Kabulonga kunali sukulu ya ana aamuna a azungu yotchedwa Gilbert Rennie. Lero ndi Kabulonga Boys, ndipo boys a pachikwangwani chimenecho ndi anyamata enieni.

Chimene tinachita nalo liwu lakuti boy chimandisangalatsa. Kaboyi likadali liwu lonyoza, ndipo pa ndale munthu akatchedwa kaboyi ka wakutiwakuti ndiye kuti wanyozedwa kwambiri. Koma boi wa m'minibasi uja ndi mnzako wapamtima, amene mumagawana naye bundle ndi chinsinsi. Atsikana nawonso amaitanana choncho. Agogo anga akanamva mdzukulu wawo wamkazi akuti "boi, uli kuti?" pa foni, sindikudziwa ngati akanaseka kapena akanatuluka panja.

Ufulu utabwera pa 24 October 1964, zitupa ndi malamulo oletsa anthu kubwera m'tauni zinatha, ndipo anthu anakhamukira ku Lusaka. Mu 1963 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 123,000. Pofika 1969 anali atapitirira 260,000, ndipo mu 1980 anaposa theka la miliyoni. Nduna ndi akuluakulu a boma latsopano analowa kumayadi, m'nyumba zomwe azungu anasiya, ndipo servants' quarter inakhalabe ndi wokhalamo. Ena onse anapita kumakomboni. Boma linkawatcha ma squatter, anthu okhala pamalo popanda chilolezo, ndipo nthawi zina linkatumiza mathirakitala kukagwetsa nyumba. Koma anthuwa ndi amene ankamanga mzinda, kuyendetsa mabasi ndi kuvotera UNIP, ndiye kuwathamangitsa onse kunali kosatheka.

Mu 1974 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Housing Statutory and Improvement Areas Act, lovomereza makomboni ena kuti ndi malo okhala anthu mwalamulo. Ndi ngongole ya World Bank, ku George, Chawama, Chaisa ndi Garden kunalowa mipopi ya madzi ndi misewu. Chingerezi cha m'maofesi a mapulani chinatsikira m'misewu nthawi imeneyo, ndipo sichinabwererenso. Site and service inali ndondomeko: boma likupatsa puloti yokhala ndi msewu ndi madzi, nyumba umange wekha. Lero Kabwata Site and Service ndi dzina la malo, ndipo obadwira kumeneko ambiri saganiza n'komwe kuti mawuwa ali ndi tanthauzo. Overspill anali malo osamutsirako mabanja amene nyumba zawo zinagwetsedwa kuti padutse msewu. Lero munthu amangoti "nikhala ku Overspill" ngati mmene wina anenera kuti akhala ku Chelstone. Stage ya ku Libala ndi ku Kaunda Square, Extension ya ku Woodlands, onsewa ndi mawu a pamapepala a ma engineer amene anasanduka maadiresi.

Lamulo la 1974 linasiya kusiyana kumene achinyamata ofuna malo ayenera kukudziwa. Wa kumayadi amakhala ndi title deed ya zaka 99. Wa mu komboni yovomerezeka ankapatsidwa occupancy licence ya zaka 30, pepala lomulola kukhala pamalopo koma losalemera mofanana akapita nalo ku banki kukapempha ngongole. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse a mu Lusaka amakhala m'madera amene sanamangidwe motsatira mapulani. Ndiye tikamati komboni ndi mayadi sitikunena za fumbi ndi kapinga chabe. Tikunenanso za pepala limene makolo adzasiyire ana, ndi za amene kolera imayamba kuwapeza mvula ikagwa.

Nanga Kabwata, Chilenje, Libala ndi Chelstone ndi chiyani? Funsani anthu atatu, mumva mayankho atatu. Wa ku Kabulonga adzati ndi komboni. Wa ku Chibolya adzati ndi kumayadi. Okhalamo adzakuuzani kuti ali pakati, ndipo akunena zoona, chifukwa nyumba zambiri kumeneko zinali za khonsolo ndi za boma, za makalaliki, aphunzitsi ndi manesi. Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo, ndipo liwu lina linalowa m'kamwa mwa aliyense: sitting tenant. Anthu atakhala eni nyumba anayamba ndi wall fence, kenako zipinda za lendi kumbuyo, kenako kashopu kutsogolo. Yadi inadzaza. Lero munthu akati "pa yadi pathu tili mabanja asanu" sakudzitama kuti ndi wolemera, akunena za mzere wa pa mpopi m'mawa ndi mkangano wa mayunitsi a magetsi. Komboni nalo latembenuka. Likhoza kukhala chipongwe m'kamwa mwa apongozi ofunsa kumene mkamwini akuchokera, koma oimba amalinyadira, ndipo kuli wailesi yotchedwa Komboni Radio. Kwinaku akazembe a mayiko akunja amatchabe malo awo a mipanda yaitali ndi alonda kuti compound, monga ankachitira amalonda aja ku Asia. Liwu limodzi, mu mzinda umodzi, likutchula malo otetezedwa kwambiri ndi malo amene madzi amasefukira chaka chilichonse.

Tibwerere kwa mayi wa m'minibasi ndi breakfast yake. Mu Lusaka breakfast timadya masana ndi madzulo, chifukwa ndi unga woyera wosalala umene makampani ogaya chimanga analemba dzinalo pathumba. Mnzake ndi roller, wotchedwa ndi dzina la makina ogayira, wosayera kwambiri chifukwa gaga wina amatsalamo. A zaumoyo amati roller ndi amene ali ndi zofunika zambiri m'thupi, koma kuyambira kale thumba la 25 kg la breakfast ndi limene limaonetsa kuti pakhomo zinthu zili bwino. Pali mabanja amene amagula roller mwezi ukavuta n'kukhuthulira m'chidebe msanga kuti aneba asaone thumba.

Mayina awiriwa analowa m'mbiri ya dziko. Boma la a Kenneth Kaunda linkathandizira mtengo wa unga kuti anthu a m'tauni azigula motchipa. Mtengo wa kopa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ngongole zinachuluka, ndipo IMF inkakakamiza kuti thandizolo lichotsedwe. Mu December 1986 boma linachotsa thandizo pa breakfast, mtengo wake n'kukwera ndi 120 peresenti. Pa roller thandizo linatsala, poganiza kuti osauka adzagula ameneyo. Koma roller anasowa m'masitolo, ndipo anthu anapeza kuti unga umene ulipo ndi wodula wokhawokha. Ku Copperbelt kunabuka zipolowe, anthu 15 anafa, ndipo a Kaunda anabweza mtengo n'kulanda makampani ogaya chimanga. Mu May 1987 anasiyana ndi IMF. Vuto silinathe. Mu 1989 kunabwera makuponi a unga, ndipo mu June 1990 mtengo unakweranso kupitirira kawiri. Ulendo uno moto unayakira mu Lusaka. Ophunzira a pa UNZA anayamba, makomboni anatsatira, masitolo anathyoledwa mpaka pa Cairo Road, ndipo anthu oposa 20 anafa. Pa 30 June, Lieutenant Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma. Zinatha patangopita maola ochepa, koma anthu anali atatuluka kale m'misewu kukavina, ndipo aliyense anaona. Chaka chotsatira, pa 31 October 1991, kunachitika chisankho cha zipani zambiri ndipo UNIP inagwa. Mpaka lero palibe wandale wa mu Zambia amene amakwera pa nsanja osadziwa mtengo wa thumba la breakfast sabata imeneyo.

Zaka zomwezo ndi zimene zinatipatsa pin. Kwacha itayamba mu 1968, makwacha awiri ankasinthana ndi paundi imodzi. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mitengo inkakwera kupitirira kawiri pa chaka, ndipo K1,000, imene kale inali ndalama yoti munthu wamba sanaigwirepo, inasanduka yogulira ndiwo. Anthu amati dzinali linabwera chifukwa ndalama zamapepala zinkamangidwa pamodzi ndi kaphini zikakwana chikwi. Pa 1 January 2013 Bank of Zambia inachotsa maziro atatu, K50,000 n'kukhala K50, ndipo pin inang'ambika pakati. Amayi a pamsika anapitiriza kunena 5 pin akutanthauza K5 yatsopano, pamene achinyamata anayamba kunena 5 pin akutanthauza K5,000. Ndinaonapo anthu awiri akukangana pa mtengo wa foni yakale kwa mphindi zingapo asanazindikire kuti aliyense ali ndi pin yake.

Mnyamata wa pampando wakumbuyo uja adzatsika ku Woodlands, adzalowa pa kageti kakang'ono, n'kuzungulira nyumba yaikulu kupita kumbuyo pafupi ndi mpanda. Kachipinda kamene akulowa ndi ka mtundu womwe agogo anga ankagonamo, ndipo pa malonda a nyumba a pa Facebook kakulembedwabe kuti servants' quarter, ngakhale wokhalamo ali ndi digiri ya ku UNZA ndipo sagwira ntchito kwa mwini nyumba. Agogo ankalipira ndi thukuta lawo, iye akulipira 2 pin. Akadzaimbira foni ambuya ake ku Katete kuwauza kuti tsopano akhala kumayadi ndipo lendi ndi 2 pin, iwo adzamuyamikira kuti wapeza nyumba ya makwacha awiri.